Mayi Osesa pa Mwala wa Napolo

Kumunsi kwa phiri la Michesi kuli mayi ena, anansi athu, amene m'mawa uliwonse amasesa mozungulira chimwala chachikulu. Pansi pa chimwalacho pali nyumba yawo ndi ana awo atatu, amene Napolo wa mu 1991 anawakwirira. Akatha kusesa amagunditsa khutu pamwalapo. Anthu amati mutu unasokonekera, koma iwo amangoti, "Mulungu anandisiya dala kuti ndizimvetsera."

Chaka cha namondwe Freddy, masana mvula ikukhuthuka, anafika pakhomo panga atanyowa, tsache lili m'manja.

"Agogo ake a Lenia, tulutsani adzukulu. Mwala ukunjenjemera, ana anga sakugona."

Ine pa nkhani ya adzukulu anga sindifunsa kawiri. Lenia kumsana, Elton padzanja, tinathawira kutchalitchi cha pamtunda. Tisanakhale n'komwe pansi, phiri linabangula.

Pamene panali nyumba yanga, lero pali chimwala china. Mayiwo amasesanso pamenepo. Tsiku lina ndinawafunsa chimene amamva akagunditsa khutu.

"Palibe, amayi," anatero akumwetulira. "Umenewu uli zii, pansi pake palibe munthu. N'chifukwa chake ndimaukonda."