Mango a Mkamwini

Dothi lonyowa likandinunkhira, ndimaona agogo aamuna atagwada kuseri kwa nyumba ku Chikweo, manja ali matope okhaokha, akukangana ndi kamtengo ka mango kosafika ndi m'chiuno momwe.

Agogowa kwawo kunali ku Balaka, kwathu anabwera kudzakwatira. Agogo aakazi atamwalira, mlongo wawo wa malemuwo, Che Saidi, anayamba kunena zoti mkamwini asudzulidwe, azipita kwawo. Munthu woti wamera imvi pamudzi pomwepo, ana ndi zidzukulu zili mbwee! Agogo anapalasa njinga kupita ku Ntaja, n'kubwerako ndi mbande ya mango, n'kuidzala anthu onse akuona. Aliyense anamva, chifukwa munthu wapaulendo sadzala mtengo.

Koma kamtengoko kanayamba kutichititsa manyazi. Masamba anachita chikasu, ena n'kumayoyoka, chonsecho agogo ankakathirira m'mawa ndi madzulo, ndowa zodzaza.

"Alamu, nthaka yayankha," anatero Che Saidi. "Ukauma umenewu, muzimanga katundu."

"Iyayi alamu, nthaka silankhula. Mukulankhula ndinu," anayankha agogo.

Ine mtima unkandiwawa koopsa, ndikaganiza zodzuka tsiku lina osamvanso kutsokomola kwawo pakhonde. Amayi anati ndi chiswe, n'kuwaza phulusa. Ena ankanong'ona zoti pali dzanja la munthu. Agogo sanamve za aliyense. Anatembenuza masamba kufunafuna tizilombo, koma ayi ndithu. Anakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati munali mobiriwira. Kenako anafukula pambali pa tsinde ndi manja, ndipo munatuluka fungo la thope lowola. Dothi la makande lija linkasunga madzi ngati mphika, mizu ina inali itada n'kufewa.

"Ha! Si nthaka yandikana," anaseka agogo. "Ndimaumiza ndekha m'madzi ndi mantha angawa."

Anadula mizu yowolayo, anasakaniza dothi ndi mchenga, anaudzalanso pokwera, n'kuchepetseratu madzi m'kati mwa chilimwe chotentha chija. Che Saidi ataona ndowa yavundikiridwa, anafunsa monyodola ngati alamu awo agonja.

"Pano ndidzachoka atandinyamula," anatero agogo, osatukula ndi mutu womwe.

Patapita masabata angapo, kunsonga kunatuluka timasamba tofiirira, tofewa. Agogo sanakuwe ayi. Anangotenga mpando, n'kuuika pambali pa kamtengoko, n'kutuma uthenga woti alamu abwere adzakhale pamthunzi. Mthunzi wake uti? Wosakwana ndi nkhuku yomwe! Che Saidi sanabwere, koma nkhani yosudzula ija sinamvekenso.

Agogo anachokadi atawanyamula, ndipo anagona pambali pa mkazi wawo. Mango aja Che Saidi anadya nawo mpaka mano kutha m'kamwa.

Lero nanenso ndine mkamwini, kwawo kwa agogo ku Balaka. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mtengo wochokera ku njere ya mango omwe aja. Podzala sindinapemphe chilolezo kwa aliyense.