Dzino Lomwe Linadikira Nyanja

Linali Lachinayi, mwezi wa Febuluwale, cha m'ma 5 koloko madzulo, pamene mayi wina woyandikana nafe anafika pakhomo akuthamanga, kumapazi kulibe kanthu, nsalu itanyoweratu. Mvula inali ikugwa kuyambira masana. Ine ndinali m'nyumba, ndikutchera ndowa pamalo podontha. Iwo sanalowe. Anangoima pakhomo nati, "Amayi ake, tulukani. Mtsinje wa Nasolo watenga anthu pa kamlatho kamatabwa kaja."

Sindinathamange. Ndinayamba ndaika bwino ndowa ija. Kamlathoko ndi kamene bambo a ana anga ankadutsapo pochokera kuntchito yawo yowotcherera zitsulo, koma mumtima ndinati ngakhale atakhala iwo, atuluka okha. Munthu wobadwira ku Nsanje, wokulira mu Shire, sakanagonja ndi kamtsinje ka mu Ndirande kamene nthawi ya chilimwe ana amangokalumpha.

Anawapeza m'mawa mwake kumunsi, atakodwa m'nsungwi pamodzi ndi majumbo ndi zinyalala za m'tauni. Anthu anati thabwa la mlatho linawamenya m'mutu. Tinakawaika kwawo, kumanda komwe ukaimirira umaona Shire akudutsa chapansipo. Anandisiyira ana awiri, mtsikana wa zaka khumi ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Pabanja pathu panalibe zambiri zosangalatsa, koma tinali ndi tsiku limodzi pachaka. Khirisimasi ikangodutsa, mawa lake, a mphakati wathu, mabanja amene timapempherera limodzi m'makomo, tinkabwereka basi kupita kunyanja ku Mangochi. Tinkanyamuka patchalitchi kusanayere. Ine ndinkatenga mpunga m'poto womanga ndi nsalu, mazira owiritsa, mango, ndi thobwa m'chigubu. Pofika pa Kameza kwaya inkakhala itayamba kale, pofika ku Lunzu ana onse ali mtulo.

Tikamayandikira mlatho wa Shire pa Zalewa, bambo a ana anga ankawagwedeza ana. "Dzukani, dzukani, perekani moni kwa madzi akwathu!"

"Bambo ake, mukuwadzutsiranji ana? Madziwo ayankha?"

"Inu akuphiri simungazimve izi. Madzi awa mkuja akakhala atadutsa kuseri kwa nyumba ya amayi anga."

Anawo ankabayibitsa pawindo maso ali otseka, n'kugonanso.

Ine kwathu ndi ku Thyolo. Madzi amene ndinkawadziwa ndi a mu ndowa ndi a pachitsime. Tikafika kunyanja ndinkayala nsalu pansi pa mtengo, n'kukhala ndi mapoto ndi nsapato za aliyense. Ndikalimba mtima kwambiri ndinkanyowetsa mapazi.

"Mayi ake, bwerani, nyanja siluma!"

"Ndasamba kale kunyumba."

"Ulendo wonsewu mwabwera kudzalondera mpunga?"

Azimayi anzanga ankaseka, ine ndinkangowakupiza ndi dzanja kuti andileke.

Iwo anali ndi kachitidwe kawo. Azibambo ena akamakasewera mpira pamchenga, iwo ankalowa m'madzi pang'onopang'ono mpaka madzi awafike pachifuwa. Akatero ankatembenuka, kuyang'ana kumtunda, n'kuitana ana onse a mphakati, athu ndi a eni omwe. "Tamverani. Pamene ndaima ine ndiye pothera nyanja. Kumbuyo kwangaku n'kwa eni ake." Ankaima pomwepo dzuwa lonse, maso ali pa timitu ta ana. Mwana akayesa kuwazemba ankamugwira mwendo n'kumubweza ngati nkhuku, onse n'kuseka. Pobwerera ankakhala atatopa kuposa dalaivala, zala zitachita makwinya. Chakudya chawo ndinkawasungira, ankadyera m'basi.

Panalinso za mano. Ife kwathu dzino la mwana likaguluka timaliponya padenga. Iwo ankati kubanja kwawo amaliponya m'madzi, ndipo mwana saphunzitsidwa kusambira mpaka dzino loyamba litaguluka, chifukwa mpamene amayamba kumva zimene wamkulu akumuuza. Mtsikana wathu anasunga lake miyezi ingapo. Titafika kunyanja analiponya, bambo ake n'kumuuza kuti, "Limenelo lipita ndi Shire, likafika kwa agogo ako, akadziwe kuti wakula." Tsiku lomwelo anayamba kumuphunzitsa, atamuika manja kunsi kwa mimba.

Mnyamatayo ankachita nsanje. Chaka chilichonse ankayesa kugwedeza mano ake ndi chala, koma onse anali olimba. Dzino lake linayamba kugwedera sabata yomwe bambo ake anamwalira. Madzulo aliwonse akaweruka ankamuitana, "Bwera kuno, chimwene, tione ntchito yafika pati." Ankalikhudza n'kunena kuti, "Uliuze lisafulumire, Disembala ili kutali."

Linagulukira kumaliro ku Nsanje, akudya chimanga chowotcha. Azakhali ake anamuuza kuti, "Mtsinje si uwu apa, kaliponye." Iye anakana. Anati, "Ababa anati kunyanja." Anapempha kabokosi ka machesi kopanda kanthu, n'kuliika mmenemo.

Titabwerera ku Ndirande ndinayamba kugulitsa tomato ndi anyezi pabenchi pafupi ndi msika. Ndinaletsa ana anga madzi. Kuchapa kumtsinje ndinasiya, tinkatunga pampopi n'kuchapira pakhomo. Popita kusukulu ndinawauza kuti azizungulira kumsewu waukulu, ngakhale kunali kutali. Kukachita mitambo ndinkatseka benchi n'kukawadikira pageti pasukulu.

Disembala itafika, amayi otsogolera mphakati anabwera kunyumba. "Achemwali, ulendo uja uliponso. Ngati inu simungathe, tipatseni ana okhawo, tikawayang'anira."

"Ana anga sapita kumadzi."

"Bambo awo akanafuna kuti..."

"Bambo awo ankadziwa madzi kuposa tonsefe. Ali kuti lero?"

Amayiwo anapemphera nane pang'ono n'kumapita. Tsiku la ulendo tinamva basi ikudutsa kumsewu, kwaya ikuimba. Mtsikana anadzifunditsa kumutu. Mnyamata sanalire. Anatulutsa kabokosi kake pansi pa mphasa, anakagwedeza pakhutu kuti amve ngati dzino likadalimo, n'kukabwezera. Nthawi imeneyo dzino latsopano linali litamera kale, lalikulu, losagwirizana ndi nkhope yake.

Mwezi wotsatira, mvula ili pakati, mtsikana anabwera kubenchi akupuma mofulumira. "Amama, bwerani mudzaone mwana wanu." Ananditengera ku Nasolo, kumunsi kwa kamlatho katsopano, komwe okumba mchenga anasiya dzenje lalikulu. Munali madzi ofiira. Ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ankadumphiramo ali maliseche, ndipo wanga anali m'mphepete, atagwira muzu, akumenya madzi ndi miyendo.

Sindikumbuka mmene ndinatsikira. Ndinamukoka dzanja, ndinavula patapata, ndinamumenya pamaso pa anzake mpaka mayi wina amene ankachapa anandigwira mkono.

"Umatani mmenemu? Ndinakuuza chiyani ine?"

"Ndimaphunzira."

"Akukuphunzitsa ndani?"

"Palibe."

Pobwerera kunyumba iye anali patsogolo, akusisima, kabudula ali m'manja. Mtsikana ankayenda pambali panga. Anati, "Amama, si lero lokha. Amabwera mukakhala kumsika. Ndikamuletsa amati ndine wodzikonda chifukwa ine ababa anandiphunzitsa." Kenaka anawonjezera kuti, "Dzenje lija pakati n'lakuya. Ngakhale ine sindiponda pansi."

Ndinakhala pakhonde mpaka mnzanga anandibweretsera tomato amene ndinasiya pabenchi. Ndinali nditaganiza kuti ndikawaletsa nyanja ndiye kuti ndawasunga. Koma nyanja ili kutali, imafuna basi. Nasolo ali kuseri kwa nyumba, ndipo mvula imagwa chaka chilichonse. Ine sindikanatha kukhala pabenchi ndi kumtsinje nthawi imodzi.

Madzulo ndinamuitana. Ndinati, "Ukasiya kupita kudzenje kuja, Disembala tipita kunyanja."

"Mukunama."

"Ndinakunamizapo liti?"

Iye anati, "Nanga m'madzi akaime ndani?"

Ndinangomuuza kuti akagone. Koma kudzenje anasiya, mlongo wake ndiye mboni.

Tinapitadi. Pa Zalewa ine ndinangoyang'ana pansi. Mtsikana ndiye anagwedeza mlongo wake, onse awiri n'kubayibitsa pawindo. Tinafika dzuwa lili pamutu, mchenga ukuwotcha kumapazi. Amayi otsogolera anandiuza kuti chaka chapitacho panalibe amene anaima m'madzi, ana anangowalola kusewera m'mphepete, madzi a m'mawondo.

Ndinayala nsalu, ndinaika poto, ndinasonkhanitsa nsapato monga kale. Kenaka ndinavula zanga n'kuziika pamulu womwewo. Ndinatenga chitenje china, ndinawerama, n'kumuuza mnyamata kuti akwere kumsana. Ndinamubereka ngati khanda, ndinamanga mfundo ziwiri pachifuwa. Anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, miyendo yake inkandimenya m'mawondo.

"Achemwali, mukupita naye kusikelo?" anatero mayi wina, ndipo anzake anaseka. Koma ataona kuti ndalunjika kumadzi anasiya.

Madzi anali ofunda pamwamba, ozizira kumapazi. Atandifika m'chiuno, siketi inayamba kuyandama, mchenga unkathawa pansi pa zidendene. Ndinaima. Miyendo inakana kupita patsogolo, inakananso kubwerera.

Mtsikana anabwera kutsogolo kwanga. "Amama, masulani."

"Ayi."

"Mukaterereka mumira nonse awiri. Iye sangatuluke mmenemo. Ababa sankamanga munthu."

"Ndikamasula andipulumuka."

"Ndilipo ine. Masulani."

Mnyamata kumsana anati, "Amama, mukundifinya."

Mfundo zinali zitanyowa, zitalimba. Mtsikana anandithandiza ndi mano. Chitenje chitamasuka ndinamva kumsana kwapepuka, ndipo ndinakuwa, ngakhale mwanayo anali ataima bwinobwino, madzi akumulekeza m'khosi, atagwira phewa la mlongo wake.

"Tsopano pitani uko," anatero mtsikana. "Kaimeni."

Ndinayenda chammbuyo, maso ali pa iwo, ndikukhwekhwereza mapazi mpaka madzi anandifika pachifuwa. Ndine wamfupi kuposa mmene analili bambo awo, choncho nyanja ya chaka chimenecho inali yaing'ono. Mawu a bambo awo aja sindinathe kuwanena. Anawanena ndi mwana wina wa mnzanga, amene ankawakumbukira. Anafuula kwa anzake kuti, "Pamene aima amayiwo ndiye pothera!" Ana onse analowa.

Mtsikana anamuika mlongo wake manja kunsi kwa mimba monga anamuchitira bambo ake. Ankamukalipiranso ngati iwo. "Usadzutse mutu ngati bakha! Miyendo, miyendo!" Mnyamata anamwa madzi, anatsokomola, analira, anati watopa, anatuluka, patapita kanthawi n'kubwereranso. Tsiku limenelo sanadziwe kusambira. Chimene anakwanitsa n'kuchoka m'manja mwa mlongo wake kufika pamene ndinaima ine, mtunda wosaposa mphasa imodzi, n'kundikola m'khosi mpaka ndinatsala pang'ono kugwa.

Kenaka anathamangira kumtunda kukatenga kabokosi kaja m'thumba la malaya. Anabwera nako atakakweza m'mwamba kuti kasanyowe. Dzinolo linali laling'ono kuposa mmene ndinkalikumbukira, ngati njere ya mpunga. Anandiuza kuti ndimunyamule. Ndinamunyamula, ndipo analiponya kumbuyo kwanga, kwakuya. Silinamveke ngakhale kugwa kwake.

"Lifika liti?"

"Sindikudziwa."

"Ababa akaliona?"

"Madziwa amadutsa pafupi ndi pomwe agona."

Zimene ndinkadziwa zinali zomwezo. Iye anagwedeza mutu, anatsika, n'kubwerera kwa mlongo wake. Ine ndinalira ndili pomwepo, ndipo palibe anadziwa chifukwa nkhope ya aliyense inali yonyowa. Mpunga wanga ndinadyera m'basi, utazizira, zala zitachita makwinya.

Panopa ana onse awiri amasambira. Ine sindinaphunzire, ndipo sindikuganiza kuti ndidzaphunzira. Pa kamlatho kaja sindidutsapo mpaka lero, ndimazungulira kumsewu. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pabenchi pomwe paja. Khirisimasi ikadutsa ndimakwera basi ya mphakati, mapoto ndimasiyira anzanga pansi pa mtengo, ndimalowa m'madzi mpaka pachifuwa, ndimatembenukira kumtunda, n'kuima pomwepo kuyang'anira ana mpaka nthawi yobwerera itakwana.