Zikhadabo za malume

Fungo la nsapato za thukuta m'chapa, minibasi yopita ku Matundo, lero landikumbutsa malume, katswiri wa mipikisano yothamanga m'mapiri. Ine ndili mwana ndinkati mapazi awo ndi achitsulo.

Tsiku lina anafika kwathu ku Tete mendulo ili m'khosi. Mayi anandipatsa beseni la madzi ofunda kuti ndikawavule nsapato. Sokosi inakana kuvuka, itamatirira ndi magazi ouma.

"Koka, mphwanga, usaope," anatero malume.

Ndinakoka. Chikhadabo cha chala chachikulu chinatsalira m'sokosimo, chakuda bii. Zala zinazo zinalibe kale zikhadabo, mnofu wokhawokha.

"Mayo ine, achimwene!" anakuwa mayi. "Mukudziphera kachitsulo kameneka?"

Malume anangoseka, n'kunditambasulira phazi linalo.