Verlene Tubbs Anapita Osaitanidwa

Verlene Tubbs anayendetsa basi ya ana asukulu ku Gary, ku Indiana, m'dziko la America, zaka makumi atatu osagundapo ngakhale galu. Anabadwira m'minda ya thonje ku Mississippi, nachokako akadali mtsikana. Kwawoko kunatsala mkulu wake mmodzi yekha, Odessa.

Verlene ali ndi zaka 67, madokotala anadula Odessa mwendo chifukwa cha shuga. Lachisanu lina Lamont, mwana wa Odessa, anaimba foni.

"Amayi aang'ono, musavutike n'kubwera. Sakufuna kuona munthu. Makatani atseka, amumpingo akuwabwezera pakhomo, chakudya akungolawa."

"Wamaliza?" anafunsa Verlene. "Chabwino, ndamva."

M'mawa mwake mwana wake Renita anamupeza akuponya chikwama m'galimoto.

"Amayi, ndi maola khumi ndi limodzi amenewo! Pa msinkhu wanuwu? Lolemba muli ndi ntchito. Dikirani tchuthi ndidzakuperekezeni."

"Tikadikira tchuthi tidzapitira maliro. Tachoka apo, ndingakuponde."

Anadutsa minda ya chimanga ya ku Illinois, yosatha ngati ulaliki wa m'busa watsopano. Anaima katatu kokha, kuthira mafuta ndi kuwongola msana. Dzuwa likupendeka anali atadutsa mzinda wa Memphis, ndipo lisanalowe anaimika galimoto pansi pa mtengo umene bambo awo anabzala.

Odessa anali gone pabedi, nkhope kukhoma, chipinda chikununkha mankhwala.

"Wakuitana ndani iwe?"

"Palibe, achemwali. N'chifukwa chake ndabwera."

"Bwerera kumene wachokera."

"Ndibwerera mawa, musade nkhawa. Koma tsitsi ili! Ngakhale khwangwala sangaikiremo mazira."

Verlene anakoka makatani, natsegula mawindo onse. Anatuma Lamont kukagula milamba, naikazinga mu ufa wachimanga mpaka fungo linadzaza nyumba. Kenako anakhala kumutu kwa bedi ndi chipeso, nayamba kuluka. Ali pakati, Odessa anayamba kulira.

"Verlene, ndatsala theka la munthu ine."

"Theka liti? Pakamwa panu mpathunthu. Adokotala aja anasokoneza chodula."

Odessa anamumenya ndi pilo. Kenako anadya mlamba wonse, napemphanso wina.

Lamlungu m'mawa nkhondo inabuka. Odessa anati kutchalitchi sapita kuti anthu akamuyang'ane ngati chilombo.

"Ayang'ane," anatero Verlene akumuveka chipewa chofiirira. "Maso ndi awo. Lamont, nyamula mayi ako."

Verlene anamukankha yekha pa njinga ya olumala mpaka kutsogolo kwenikweni. Kwaya itayamba nyimbo yoyamba, Odessa anangoti zyoli. Koma oimbawo anaikoka nyimbo ija mwaulesi, ndipo Odessa, amene anaitsogolera kwayayo zaka zambiri, analephera kupirira. Anamenya dzanja pa njinga ija, nakweza mawu kuti awawongole.

Verlene sanadikire ulaliki. Anatsina mkulu wake patsaya, natuluka, naliza galimoto kuloza kumpoto. Anafika ku Gary mapazi atatupa ngati mabanzi, nsapato zosavulika.

Lachitatu foni inalira. Anali Odessa, mwiniwake.

"Iwe, unandimanga tsitsi ngati ukumanga mbuzi. Ndipo nsomba ija unachulutsa mchere."

Verlene anatseka foniyo ndi chikhato, natembenukira kwa Renita.

"Achira amenewa. Munthu wofuna kufa sadandaula za mchere."