Bambo a pa Kakadi ka Besibolo

Kanali kakadi kolimba, kokwana m'chikhatho changa, kopindika pakona imodzi. Kutsogolo kwake kunali mwamuna wakuda wovala kapusi, chindodo chili paphewa, akuyang'ana chapatali ngati wina wamuitana. Kuseli kunali manambala okhaokha, m'mizere yothinana. Kankanunkha mankhwala a m'belo la salaula, zovala zakale zochokera kunja, fungo lija losachoka ngakhale chovala uchichape kawiri.

Anandipatsa ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankagulitsa majekete a salaula m'mbali mwa msewu ku Mtendere. Inali nyengo yozizira, mphepo ikutithira fumbi m'maso, ine ndili mtsikana wa giredi folo. Ndinali nditawatopetsa onse ndi funso limodzi: bambo anga ali kuti? Amayi ankangoti "banayenda," n'kupitiriza kutembenuza zitumbuwa m'mafuta. Tsiku lina amalume anapisa m'thumba.

"Aba ni batate bako. Bali ku America, bamenya bola ya ndodo, besibolo. Koma usauze bamai bako, bazalila."

Ndinasangalala, komabe mtima sunakhale m'malo. Amalumewo anali munthu woti akakuuza kuti kunja kwacha, uyambe watuluka ukadzionere wekha. Ndinkatenga kachidutswa ka galasi n'kumadziyerekeza ndi munthu wa pakadiyo. Mphuno inkagwirizana pang'ono, makutu ayi. Nanga chochokera kwa bambo anga chinkanunkhiranji ngati majekete a amalume? Bwanji sanalembepo ngakhale dzina langa? Manambala aja ndiwo anandisowetsa mtendere. Nditafunsa, amalume anati ndi zigoli. Nditafunsanso tsiku lina, anati ndi manambala a foni a anzawo a bambo. Bodza limafuna munthu wosaiwala, ndipo amalume analibe mphatso imeneyo.

Ndinapita nako kwa aphunzitsi pa nthawi yopuma, ndipo ndinawapeza akutafuna nsawawa. Anavomera kuti masewerawo sankawadziwa bwino, koma Chingerezi cha pamwamba pa mizere anachiwerenga. Mzere uliwonse unali chaka chimodzi. Apa panali kangati munthuyo anaima kuti amenye mpira, apa kangati anaumenyadi, apa kangati anathamanga kuzungulira bwalo lonse. Pansi panali timawu tofotokoza masewero amodzi: anamenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa bwalo, koma timu yake inagonjabe. Zinandipweteka ngati tagonja ndife.

"Unakatenga kuti?" anandifunsa.

"Ni batate banga."

Anasiya kutafuna. Chala chawo chinatsika mpaka pamzere womaliza n'kuima pomwepo. Kenako ananena motsitsa mawu kuti chaka chimenecho iwo anali kamnyamata kosavala nsapato. Aphunzitsiwo anali ndi imvi, aakulu kuposa amayi, choncho munthu wa pakadiyo sakanakhala bambo anga. Lero ndimaona kuti akanatha kungokhala chete, koma sindiwaimba mlandu. Ndinapita ndekha kukafuna choonadi, ndipo ndinkadziwa kale kuti sichikhala chokoma.

Ndinafika kunyumba nditapsa mtima. Amayi anali pambaula pageti, utsi wa makala ukuwalowa m'maso. Ndinaika kakadi kaja pafupi ndi beseni la zitumbuwa n'kuwauza kuti onse pakhomopo ndi abodza. Apo m'pamene ndinazindikira kuti za kakadiko sankazidziwa. Ndinawafotokozera zonse, za amalume ndi za aphunzitsi, ndikudikira kuti akalipe kapena alire.

Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anapukuta mafuta kuzala ndi chitenje, natola kakadiko, nayang'ana kuseli nthawi yaitali, zitumbuwa zikupserera. Anafuna kudziwa tanthauzo la mizereyo, ndipo ndinabwereza zomwe aphunzitsi ananena.

"Ndiye kuti caka na caka, banthu banali kuziba kwamene ali na vamene acita?"

Ndinavomera.

"Sembe batate bako banali aba, mwana wanga," anatero amayi molakalaka, n'kundibwezera kakadiko.

Ndinaganiza kuti awakonda bambo a pakadiwo chifukwa cha America, ndipo ndinawakwiyira nyengo yonseyo mpaka kutentha kunayamba. Ndinkakhulupirira kuti yankho ali nalo, akungondimana dala ngati mmene ankabisira shuga. Pa msinkhu umenewo sindikanamvetsa kuti munthu wamkulu, mayi wa mwana, akhoza kufunsidwa tsiku ndi tsiku funso lomwe iyenso amagona nalo, alibe womufunsa.