Chala cha a Phiri chinalibe mlandu

Ndinalemba kapulogalamu ka pa kompyuta koonetsa mawu a nyimbo pakhoma la tchalitchi chathu ku Mtunthama. Munthu akadina batani lalitali la pa kiyibodi ya kompyutayo, pankayenera kubwera ndime yotsatira. Koma ndinaiwala kukauza kuti kazimvera kudina kokha. Kankamveranso chala chikamachoka pabatanipo, ndiye kankalumpha ndime imodzi.

Pa ukwati wa mchemwali wanga, pa kompyuta panakhala a Phiri, mkulu wa mpingo. Titatha ndime yoyamba, pakhoma panabwera yachitatu. Kwaya inalowa yachiwiri, mpingo n'kutsatira khoma. Abusa anandiponyera diso.

Vutolo ndinalizindikira pomwepo, koma ndinawerama n'kunong'ona kuti, "Bambo, mukudina mwamphamvu."

A Phiri anayang'ana zala zawo. "Zinauma ndi kusoka fodya izi. Pepa, mwana wanga."

Mawa lake ndinakonza mzere wolakwika m'kapulogalamuko mwakachetechete, ndipo mpaka lero sindinawauze. Lamulungu lililonse amadina batanilo ndi chala chaching'ono, mosamala ngati akugwira dzira. Ndime ikabwera bwino, amatembenuka n'kundigwedezera mutu monyadira kuti tsopano anaphunzira. Nanenso, wopanda manyazi ine, ndimawagwedezera.