Mkodzo wa Che Amidu

Ndinagwira ntchito pa kachipatala ka ku Maganga zaka makumi awiri, ndipo makina oonera tizilombo ankagwira ndine ndekha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, maso anga anayamba kuchita nkhungu. Sindinauze munthu.

Tsiku lina kunabwera msodzi, Che Amidu, atanyamula mkodzo wamagazi m'kabotolo. Ndinadontheza pa kagalasi, n'kutembenuza kalilole kuti kalandire dzuwa, n'kusuzumira. Mazira a likodzo ndinkawadziwa ngati ana anga, koma tsikulo ndinangoona utsi.

Namwino wathu, a Nabanda, anali ataima pambali. "Bambo, ndisuzumireko?"

"Mayi, pitani mukaphitse majekeseni," ndinatero. Ine kuonetsedwa ntchito ndi munthu amene anabwera dzulodzuloli?

Ndinakhala chiweramire nthawi yaitali, ndikupotokola kachitsulo ka makinawo uku ndi uku kuti msodziyo aone kuti pali ntchito. Kenaka ndinaweramuka.

"Mulibe kanthu, achimwene. Mwangotopa ndi nkhafi."

"Alhamdulillah! Makina sanama, adokotala."

M'mawa mwake ananditumizira chambo ziwiri zonona. Ndinadya zonse.

Patapita zaka ziwiri Che Amidu anawatengera ku Lilongwe, chikhodzodzo chitawonongeka ndi likodzo. Moyo anapulumuka nawo, koma m'bwato sanakwerenso. Masiku ano amasoka maukonde a anzawo pansi pa mtengo wa mango. Ndikamadutsa amadzuka movutikira n'kunena kuti, "Adokotala, inu munayesetsa."

Ine ndimayankha kuti, "Zikomo," n'kupitirira.